Chitseko cha bafa choyang'ana pabalaza

Nkhani iyi ndikanakonda kufa nayo, koma poti theka la komboni yathu ya Matero linaona miyendo yanga tsiku limenelo, chobisa palibe.

Zinali zaka zochepa chilandirire ufulu. Ine, mesenjala wa mu ofesi ya boma, ndinapeza puloti, ndipo ndinalumbira kuti nyumba yanga ikhala ndi bafa ndi chimbudzi cha m'kati ngati kumayadi. Pulani ndinajambula ndekha pansi ndi kamtengo. Chitseko cha bafa, momwenso munali chimbudzicho, ndinachiika moyang'anizana ndi pabalaza, kuti mlendo akangokhala pampando aziona yekha chitukuko (ndivomere, ndinali wodzimva). Chimbudzi chokumba ndinakaniratu, ndipo za aneba ndinkaziseka poyera.

Womanga, ba Mulenga, anakanda mutu.

"Ba Phiri, chitseko apa? Manje bapongozi banu bakabwela?"

"Imwe mangani chabe," ndinatero. "Na windo ikhale ing'ono, banthu bangazisuzumila."

Mkazi wanga, amake Tisa, anangoti, "Kaya."

Posakhalitsa apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Katete kudzaona nyumbayo. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndipo kuti wina aone mnzake akulowa kuchimbudzi, ndi bwino nthaka ing'ambike ikumeze. Lamlungu masana iwo anayala mphasa pafupi penipeni ndi chitseko chija, atayang'ana khoma. Ine pampando, nditayang'ana khoma linalo. Tinkacheza kudzera mwa amake Tisa.

Tsoka ilo, ndinali nditamwa makapu atatu a thobwa lomwe apongoziwo anaphika. Chikhodzodzo chinayamba kulankhula. Ndinapinda miyendo, ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, osathandiza. Kwa aneba ndikanapita ndi nkhope iti?

"Amake Tisa, niyenda kugula fodya," ndinatero (sindinasutepo chibadwire).

Ndinazungulira kuseri, ndinasanja njerwa pansi pa windo la bafa, ndinakwera. Mutu unalowa. Mapewa analowa mokakamiza. Mimba inakana. Kenako njerwa zinagumuka, ndipo ndinatsala ndikulendewera, theka m'nyumba theka mu Matero.

Bana Mwila, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, anali akuyanika zovala.

"Kawalala! Kawalala pa nyumba ya ba Phiri!"

Anthu anathamanga ndi mithiko, masache ndi zikuni kudzateteza katundu wanga. Anamuteteza ndi mtima wonse, pamatako panga. Kukuwa sindikanatha, poopa kuti apongozi amva mawu a mkamwini akuchokera kuchimbudzi.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti iwonso anali atapirira kuyambira m'mawa, akudikira kuti ine ndichoke. Atamva kuti ndapita kukagula fodya, anati mwayi ndi uno. Chitseko chinatseguka. Analowa, anatseka bwinobwino, anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wawo tinaonana maso ndi maso.

Mayi aja anali oleredwa bwino. Anagwada pasimenti, anayang'ana kumbali, nawomba m'manja.

"Mwachoma bwanji, apongozi?"

"Tachoma bwino, kaya inu," ndinayankha, mthiko ukutera kumbuyoku.

Apo ndiye thobwa lija linapeza njira yake. Ndinangomva gulu la kunja likubwerera m'mbuyo, wina akuloza thalauza langa n'kumati, "Iyi tilauzi niiziba, ni ya ba Phiri!"

Ba Mulenga anachita kundigobamo ndi hamala, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Manyazi omwe ndinamva tsikulo mpaka lero ndikawakumbukira ndimasiya kudya. Apongozi anakwera basi m'mawa mwake. Ndinkadikira kumva kuti ukwati watha, kapena kuti ndikalipire mbuzi ku Katete.

Amake Tisa atabwerako kowaperekeza ndinafunsa mwamantha, "Bakamba chani amai?"

"Akuti nyumba ni yabwino," anatero. "Koma mukulitse windo, mwana wa eni angafelepo."

Ndinalikulitsadi sabata yomweyo. Chitseko chokha sindinachisunthe, poti pulaniyo payokha inalibe vuto.