Chiwongolero cha Jailosi ndi Maliro a Apongozi Ake

Mwambi mwandifunsawu, ananu, chiyambi chake n'chotere.

Kumapiri a ku Neno kunali mkulu wina dzina lake Jailosi Kambalame. Iyeyu anali ndi chigalimoto chakale, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chimene anagula kuesiteti ina ya fodya itatsekedwa. Zitseko zake ankamanga ndi waya, koma pamatope ndi pamiyala panalibe galimoto yochiposa. Ankanyamulira kachewere, manachesi, odwala, nthawi zina mbuzi. Msewu wochokera kuboma kupita kumudzi kwa mkazi wake, Nachanza, unali wotsetsereka ndi wokhotakhota, phiri kumanja, phompho kumanzere.

Chaka china dzinja litatha, chiwongolero chinayamba kuuma. Pokhota chinkalimba, kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, n'kulimbanso. Jailosi anapita nayo galimoto kwa a Kwenje, makaniko wachikulire amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa msika.

A Kwenje anatsegula boneti, n'kuloza ndi sipanala. "Ukuona apa, mphwanga? Ndodo yochokera kuchiwongolero imalumikizana ndi inzake yapansi pa kachitsulo aka, kooneka ngati mtanda. Ife timati jointi. Kamayenera kupindika ngati bondo. Kako kamwa madzi m'mitsinje umawolokayi, kagwira dzimbiri. Katsopano ndili nako. Isiye galimoto pano, pomakwana masana udzaitenga."

"Lero ayi, a Kwenje," anatero Jailosi. "Anthu akundidikira ndi matumba awo. Ndibwera Loweruka."

"Dzimbiri silidziwa Loweruka."

Jailosi anangoseka n'kuliza galimoto.

Loweruka lija kunali ukwati wofunika kunyamula akwati. Loweruka linalo kunali msika waukulu. Kenako manachesi anapsa, ndipo Jailosi anati munthu wanzeru saimika galimoto nyengo ya manachesi. Kuti chiwongolero chifeweko, anayamba kuthira mafuta ophikira pajointi paja, otapa m'botolo la mkazi wake. Chinkafewa masiku awiri, fumbi n'kumatirira pamafutapo, n'kuuma koposa kale.

Manja atayamba kumupweteka, anapeza nzeru ina. Anatenga chidutswa cha paipi ya pamjigo n'kuchimangirira pachiwongolero ndi malamba a chubu, kuti azikoka ndi manja awiri ngati akupalasa bwato. Okwera kutsogolo ankachita kuzinda paipi ija pokhota. Mayi wina wogulitsa tomato inam'gwetsa dzino.

"Bambo a Lute," anatero Nachanza tsiku lina, "galimoto imeneyi mukulimbana nayo ngati ng'ombe yolusa. Pitani kwa a Kwenje."

"Ndipita, mayi. Mwezi uno ukangotha."

"Mwezi watha uja munateronso."

"Nanga yandigwetsapo? Ine ndi galimoto imeneyi timadziwana."

Inatha miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa wina wa mu Okutobala, potuluka pakhomo, chiwongolero chinakaniratu, galimoto n'kukagumula nkhokwe ya mnansi wake. Apo mpamene Jailosi anapita kwa a Kwenje, akuyenda pang'onopang'ono ngati nanzikambe.

A Kwenje anayang'ana, n'kupukusa mutu. Jointi ija imagwidwa ndi mabawuti awiri, lina pamwamba, lina pansi. Lapamwamba linatuluka atalimbana nalo ola lathunthu. Lapansi linaduka mutu, ndipo chotsalacho anachita kuchikhomerera kunja ndi nyundo. Koma ngakhale mabawuti anachoka, jointi sinasunthe. Anaimenya, anaiwotcha ndi moto wowotcherera zitsulo, anaimenyanso. Inangosuntha pang'ono, theka la chala, n'kuima pomwepo.

"Ukanabwera tsiku lija, bwenzi itatuluka ndi dzanja," anatero a Kwenje akupukuta thukuta. "Pano yagwirana ndi ndodo ngati chitsulo chimodzi. Ndiyinyika m'mafuta lero, mawa ndiidule ndi sowo pang'onopang'ono kuti ndisawononge ndodo. Mkuja udzayenda."

Akulankhula choncho anafika Bizaliele, mchimwene wake wa Nachanza, maso ali psuu. Bambo awo, amene anagonekedwa kuchipatala cha paboma sabata yonse, anali atamwalira m'mawa womwewo. Bokosi linali litakhomedwa kale. Kunkatentha kwambiri, ndipo akuluakulu anali atagwirizana kuti thupi litsike kumudzi tsiku lomwelo.

"Alamu, tikudalira inu," anatero Bizaliele.

Jailosi anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana a Kwenje. "Bwezerani mabawuti. Tidzasintha maliro akatha."

"Sindibwezera," anayankha a Kwenje. "Bawuti lina laduka, ndipo jointi ndaisuntha kale. Ili pakati, sinatuluke, sinalowe. Kafuneni thirakitala, kapena anthu anyamule pamapewa."

"Ine mkamwini, galimoto ndili nayo, apongozi anga akwere thirakitala ngati manyowa? Anthu andiona bwanji?"

"Akuona wamoyo."

Jailosi sanamve. Anatenga nyundo yekha, n'kukhomerera jointi ija m'malo mwake mmene akanathera. Bawuti lapamwamba analimanga. Pabowo lapansi analowetsa msomali waukulu wokhomera denga, n'kuupinda. A Kwenje anasonkhanitsa masipanala awo, koma Bizaliele akukwera anam'gwira mkono. "Mukafika pamtsetse, mutsike muyende pansi."

Anatenga maliro kuchipatala dzuwa litapendeka pang'ono. Bokosi analiika kumbuyo, amayi asanu atakhala m'mbali mwake akuimba nyimbo za maliro. Nachanza ndi Bizaliele anali kutsogolo, ndipo amuna ena ankatsatira wapansi m'mbuyo. Pamsewu wowongoka zonse zinali bwino. Atafika pokhota poyamba, Jailosi anakoka paipi ija mpaka kudzuka pampando. Pansi panamveka kulira kwa chitsulo, ndipo tayala lakumanzere linadutsa m'mphepete mwenimweni mwa phompho, miyala ikugumukira pansi. Nyimbo inadukira pakati.

"Imani," anatero Nachanza. Galimoto itaima anatsika, n'kuuza amayi aja kuti atsike onse. "Achimwene, itanani amuna akubwera m'mbuyowa titsitse bokosi. Bambo anga tiwanyamula."

"Mayi a Lute, usandichititse manyazi pagulu," anatero Jailosi. "Kwatsala pokhota pangati? Ndikakhala ndekha galimoto ipepuka. Mukandipeza kumudzi nditakonza kale pogoneka maliro."

Bizaliele asanafike n'komwe pachitseko chakumbuyo, Jailosi anachotsa phazi pabuleki.

Pokhota pachiwiri anadutsa. Pachitatu, pamene msewu umabwerera ngati chigongono, jointi inagwira zolimba. Jailosi anakoka paipi ndi thupi lonse. Msomali uja unaduka, ndodo n'kusolokamo, ndipo chiwongolero chinayamba kuzungulira chokha, chopepuka ngati lichero. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi umodzi chinafewa, koma matayala sankachimvanso. Anaponda buleki, matayala n'kumangoseseleka pamiyala. Galimoto inapita molunjika.

Anthu oyenda pansi aja anamva phokoso lake asanaone kanthu. Atafika anapeza mizere iwiri ya matayala yathera m'mphepete. Pansi penipeni, mumtsinje wouma, galimoto inali chagada, tayala limodzi likuzungulirabe. Bokosi linali litasweka. Matabwa anali mbwee, ndipo malemu anali gone pamchenga, nsalu yoyera itavundukuka.

Nachanza sanalire. Anatsika phompho lija chokhala, akugwira udzu. Chapakati anakumana ndi mwamuna wake akukwera. Miyendo yonse iwiri inali itathyoka, ikungokokeka m'mbuyo, ndipo ankadzikoka ndi zigongono, nkhope ili magazi okhaokha.

"Mayi a Lute," anatero movutikira, "ndithandize."

Nachanza anaima n'kumuyang'ana. Kenako anam'lambalala, n'kutsikira kwa bambo ake kukawafunditsa chitenje chake.

Amuna anagawana. Ena anakulunga malemu m'bulangete n'kuwakweza, ena anamanga machira a nsungwi n'kubwerera ndi Jailosi kuchipatala komwe kuja. Maliro anaikidwa m'mawa mwake, mumphasa, chifukwa panalibe nthawi yokhomera bokosi lina. Mpaka lero abale a Nachanza akamakamba za bambo awo amati anafa kamodzi koma anagwa kawiri.

Jailosi anakhala m'chipatala miyezi inayi. Moyo unapulumuka, koma miyendo sinabwererenso. Nachanza sanam'siye. Ankam'sambitsa ndi kum'phikira, ngakhale mawu pakati pawo anachepa. Galimoto inatsala kuphompho komweko, anthu n'kumazula zitsulo pang'onopang'ono. A Kwenje anatsikako tsiku lina, n'kubwerako ndi tayala limodzi. Analidula zidutswa zinayi, n'kuboola mabowo a zingwe, kuti Jailosi azimanga m'mawondo ndi m'zikhatho asamachekeke ndi miyala pokwawa pabwalo.

Tsiku lina kunabwera wogula manachesi wochokera kumzinda, amene kale ankanyamulitsa katundu wake kwa Jailosi. Anaima pachipata, n'kuona munthu akuchoka pakhonde kupita pamthunzi, akudzikoka pamatayala aja, fumbi likufuka m'mbuyo mwake. Sanam'zindikire mpaka atatukula nkhope.

Mlendoyo anatembenukira kwa Nachanza, amene ankatongola chimanga pamkeka, n'kufunsa motsitsa mawu, "Pepani mayi, chinachitika n'chiyani? Ngozi?"

"Ngozi imabwera osauza munthu," anayankha Nachanza osasiya kutongola. "Iyi inatiuza miyezi isanu ndi umodzi."

"Nanga bambowa ankadikira chiyani?"

Nachanza analoza ndi chitsononkho kumene mwamuna wake ankakwawira. "Ankadikira chimenecho."

Mlendo uja anakaifotokoza nkhaniyi kumsika, a kumsika n'kuipititsa m'midzi. Dzina loti Jailosi linaiwalika panjira, n'kutsala la khalidwe lake. Ndiye mukamva akulu akudzudzula munthu wokonda kunena kuti mawa, mawu ake ndi omwewo: Zengerezu analinda kwawukwawu.