Tsiku Limene Kandege Kanabwerera Kwawo

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poteteza ulemu wa eni ake, munali bambo wolemekezeka, a Lufeyo Mkwapatira, Wapampando wa Komiti Yaikulu Yoona za Chitetezo cha Mlengalenga ndi Madera Ozungulira.

Udindowu anaupeza motere. Mwana wawo wamkazi wa ku Joni anawatumizira droni, kandege kakang'ono ka kamera koyendetsera pa rimoti, kuti azisakira mbuzi zikasochera. A Lufeyo sanauze munthu, chifukwa kwathu kuno chinthu chatsopano chikadziwika m'mawa, masana chabwerekedwa, madzulo chathyoka. Anakaulutsira kuseri kwa khola lawo. Koma zala zozolowera khasu sizinamvane ndi timabatani, ndipo kandege kanapita kukaima njii pamwamba pa bafa la mai Nachisale. Mabafa athu, monga mukudziwa, ndi a udzu, ndipo denga lake ndi thambo. Mayiwo anakuwa mpaka agalu a tsidya lina anayankha. A Lufeyo sanaone kanthu, poti anali kalikiliki kufunafuna batani lobwezera. Koma ndani akanawakhulupirira?

Pamsonkhano wa mawa lake, mantha anawalankhulitsa kuposa aliyense.

"Abale anga, uku ndi kutivula!" anatero akumenya pachifuwa. "Mwini chinthu chimenechi akapezeka asamuke m'mudzi muno, iye ndi mbuzi zake zomwe!"

Palibe anafunsa kuti adziwa bwanji kuti munthuyo ali ndi mbuzi. Ife posankha mtsogoleri timayesa kukula kwa mawu, choncho anawapatsa mpando pomwepo, pamodzi ndi jekete yonyezimira ndi wenzulo. Mai Nachisale anakhala achiwiri awo. Lamulo losamutsa lija linalembedwa m'buku, ndipo a Lufeyo anasayina.

Munthu wanzeru akanakumba dzenje n'kukwirira kandegeko. A Lufeyo anayesadi, anakabisa m'nkhokwe sabata zitatu. Koma kumwamba kutakhala bata, anthu anayamba kuiwala. Pamaliro ena anawakhazika pa benchi ya anthu wamba, mpando wa ndalema n'kupatsa mphunzitsi wopuma. Wina anafika powaitana kuti "a Lufeyo" basi, osawonjezera kanthu. Zinawawawa kwambiri. Ndiye Lachiwiri lililonse masana kandege kanayambanso kuonekera, ulendo uno cha kuchigayo, kutali ndi mabafa. Kakangozimirira, iwo amatulukira ataphapha ndi jekete, thukuta lili kamukamu, wenzulo pakamwa, n'kulengeza kuti mdani wathawa ataona mphamvu za komiti.

Mai Nachisale okha ndiwo sanasangalale ndi zipambano zimenezi. Anali atatopa kusamba dzanja limodzi litagwira ambulera. Tsiku lina anakwera kabaza kupita pamsika kwa a Yotamu Gwedeza, bambo wokonza mafoni, nawafotokozera vuto lonse.

"Mayi, kandege aka kamamvera mafunde ochokera ku rimoti," anatero a Yotamu. "Ine ndili ndi kabokosi kosokosera pa mafunde omwewo, monga mmene chigayo chimamizira mawu a munthu. Kakasiya kumva mbuye wake sikagwa ayi. Anakapanga kuti kazibwerera pamene kananyamukira."

"Ndiye kuti katilondolera kwa mwini wake?"

"Mpaka pakhomo penipeni. Kungoti mafoni ena m'mudzimo aima kaye, komanso boma silikondwa nako kabokosi aka."

"Boma silisamba m'bafa langa," anayankha mayiwo. "Nyamulani tizipita."

Linali Lachiwiri. Mwamwambo mai Nachisale anafunafuna a Wapampando kuti awadziwitse, koma akazi awo anati ali pa ulonda, monga mwa nthawi zonse.

A Lufeyo anali atanjuta kuseri kwa khola, akuzungulitsa kandege kawo pamwamba pa chigayo mwaukatswiri, pakuti tsopano zala zinali zitaphunzira. Mwadzidzidzi chithunzi cha pa rimoti chinauma. Anadina batani ili, anadina ilo, anagogoda rimoti pabondo, anaiuzira mpweya. Kandege kanakwera m'mwamba pang'ono, kanatembenuka mwaulemu, n'kuyamba ulendo wolunjika kwa iwo. Pansi pake panali fumbi la mudzi wonse: amayi a kuchigayo ufa uli mbuu kumaso, abambo a pabawo, alimi ndi makasu awo, ndipo patsogolo mai Nachisale ndi a Yotamu atanyamula kabokosi.

"Choka! Pita uko!" ananong'ona a Lufeyo akukaingitsa ndi chipewa ngati nkhuku. Anaona kale katundu wawo ali pangolo, mbuzi zili pambuyo, akusamuka m'mudzi umene anabadwira ndi dzina la munthu wosuzumira m'mabafa. Chimene anakwanitsa n'kuvala jekete basi.

Kandege kanatera bwinobwino pakati pa mapazi awo. Rimoti inali m'manja.

Aliyense anaona. Aliyense anamvetsa. Koma aliyense anakumbukiranso dzanja lake limene anakweza posankha munthuyu, ndi m'manja mmene ankaomba Lachiwiri lililonse. Ife kuvomera kuti tinapusitsidwa timakuona kolemera kusiyana ndi kupusitsidwa kachiwiri. Mai Nachisale atangotsegula pakamwa, mlembi wa komiti anawadula.

"Akagwira! A Wapampando akagwira! Ndi rimoti yomwe amulanda mdaniyo!"

Nthungululu zinatsekera mawu a mayiwo. A Lufeyo anadabwa kuona kuti akadali ndi moyo, kenako anakweza rimoti m'mwamba kuti onse aione bwino.

Nthawi yomweyo anthu anakhazikitsa Komiti Yapadera Yofufuza Mwini Kandege, ndipo panalibe munthu woyenera kuitsogolera kuposa amene anakagwira. Umboni wonse unasungidwa kunyumba kwawo. Mai Nachisale anaimitsidwa paudindo chifukwa cholumpha a Wapampando pa nkhani ya chitetezo. Mboni inali imodzi yokha, a Yotamu, amene anali ndi mlandu kale wozimitsa mafoni a mudzi popanda chilolezo.

"Bambo Gwedeza," anayamba a Lufeyo modekha, "m'mudzi muno palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa kuti kandege aka kamabwerera kokha kwawo. Ngakhale ine, Mulungu ndi mboni, sindimadziwa." Apa ananena zoona zokhazokha. "Nanga inu khalidwe lake munalidziwa bwanji chonchi?"

A Yotamu anayang'ana khamu lija kufuna wowaikira kumbuyo. Khamu linayang'ana pansi.

Dzuwa lisanalowe, mwini kandege anali atapezeka, ndipo mudzi wonse unawaperekeza a Yotamu mpaka kumsewu, ukuimba nyimbo yothokoza a Wapampando.