Phazi Lochedwa mu Kompyuta Yanga

Nkhani iyi sindiikonda. Koma ku Chiparamba aliyense akuidziwa, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Ndine mtsogoleri wa gulu la ingoma kwathu. (Ndinali, koma tisathamange.) Sukulu sindinapite nayo patali. Mwana wanga wa ku Lusaka ndiye anandigulira laputopu yosungiramo mavidiyo a gule wathu. Ndinaika lamulo loti wina asaikhudze, ngakhale akazi anga, amake Tisa, amene anali mphunzitsi ku Tamanda mpaka kupuma. Pasiwedi ndinaika dzina la ng'ombe yanga yolimira.

Tikukonzekera mwambo wa Nc'wala, gule anayamba kuvuta. Tikaponda pansi, nthaka inkalira kawiri m'malo molira kamodzi. Panali wina wochedwa. Ine ndinaloza a Jere, mkulu wa mawondo otupa amene wavina nafe kuyambira unyamata. Ndinawauza pagulu kuti akapanda kusintha, ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambowo, sapita. Anangozolika. Kunyumba amake Tisa anandifunsa ngati ndinaonetsetsa bwino. Ndinawayankha kuti ingoma si za m'kalasi.

M'mawa wina nditsegule kompyuta, ndinapeza mafayilo amene sindinaikemo ine. Dzina lake akuti "Muonere muli nokha". Mwana wanga anandichenjeza kale kuti akuba a pa intaneti amatchera msampha ndi mawu aulemu, choncho sindinatsegule. Mtima unandiuza kuti ndi a gulu la kutsidya kwa dambo, akufuna kutibera nyimbo.

Munthu wanzeru akanayamba wafunsa m'nyumba. Ine ndinaitana gulu lonse. Tinakhala pakhonde, laputopu pampando. Ndinati adani atilowerera ndipo ndikufuna mboni. Amake Tisa anagwada pafupi nane n'kunong'ona.

"Atate ake Tisa, zinazi n'zoonera kuchipinda."

Ndinati azimayi akhale kumbuyo. Anapita, osawiringula.

Ndinatsegula yoyamba. Inali vidiyo ya gule wathu, koma yojambula miyendo yokhayokha, ikuyenda pang'onopang'ono ngati ya anthu ovina m'madzi. Mapazi onse anatsika pamodzi. Limodzi linatsalira m'mwamba, ndipo wina anali atalizunguliza ndi mzere wofiira, monga achitira aphunzitsi m'kope. (Apa mpamene ndinayenera kutseka. Sindinatseke.)

"Mwadziona, a Jere?" ndinatero.

A Jere anasendera, anayang'anitsitsa, kenako anakweza buluku lawo.

"Pepani a tcheyamani, ine chipsera cha khasu pakakolo ndilibe."

Ndinabisa phazi pansi pa mpando. Koma yachiwiri inali itayamba kale yokha. Iyi inachokera pa chipsera chija, kukwera bondo, mimba, mpaka nkhope. Ine, kukamwa yasa, ndikukalipira a Jere, phazi langa lili lende m'malere.

Palibe anaseka. Angoni ndi aulemu. Ndinangoona akuluakulu akutsanzika mmodzimmodzi, aliyense akuti kumunda kuli ntchito. Kuseri kwa nkhokwe ndi kumene kunaphulika phwete.

Anthu atatha ndinafunsa amake Tisa kuti analowa bwanji. Anati pasiwedi ndimaitchula mokweza polemba, chilembo chimodzichimodzi, moti ndi nkhuku zomwe zikuidziwa. Vidiyo anajambula ndi foni atakhala pakati pa azimayi oombera m'manja. Zochedwetsa ndi zoika mzere anaziphunzira okha ine ndili kudimba.

Ndinafuna kukwiya, koma ndinasowa pogwira. Ntchito ija inali yaudongo. Sananditsutse pagulu. Sanauze munthu, ngakhale anzawo a kuchigwirizano. Anadziwa kuti mawu a pakamwa ndikana, ndiye anandibweretsera phazi langa lomwe kuti lindiuze tili awiri. A Jere anawapulumutsa, inenso anafuna kundipulumutsa. Mboni ndinaitana ndekha.

Mawa lake ndinagwira tambala kupita naye kwa a Jere. Analandira, n'kunena kuti iwo ankadziwa kalekale, koma wakutsogolo sauzidwa za phazi lake.

Ku Mtenguleni a Jere anapita. Ndiwo anatsogolera. Ine ndinavina mzere wakumbuyo, kumene fumbi limachita chifundo.

Amake Tisa anajambulanso tsiku limenelo. Fayilo anaiika pomwe paja, ndipo akuti ndingaonere nthawi iliyonse imene ndakonzeka. Mvula yagwa, takolola, ine sindinakonzekebe.