Mphira ya chubu m'jukibokosi la a Chisale

Ndisanayambe, nazi mboni zanga, chifukwa anthu a ku South Bend, kuno ku America, ali ndi chizolowezi chomati ine nkhani ndimaithira mchere. Yoyamba ndi a Chisale, mkulu wa mpingo wathu, amene sananamepo chibadwire kupatula akafunsidwa ngati akhuta. Yachiwiri ndi mayi a kunyumba kwanga, amake Yankho, ngakhale mukawafunsa za nkhaniyi adzati sakundidziwa. Yachitatu ndi Anambewe a ku Indianapolis, amene muwamve kumapeto, mmene inenso ndinawamvera: mochedwa. Palinso holo yodzaza anthu. Onsewa ali moyo, ndipo ena mawondo akadawawabe.

Ine kuno ankanditcha Injiniya. Ntchito yanga ndi yokonza mabedi ndi njinga za odwala pa chipatala china. Dzinalo linabwera tsiku limene sipika ya kutchalitchi inazima pakati pa ulaliki, ine n'kuipatsa khofi kumsana, iyo n'kuyambanso kulankhula. (Sindinalikane. Dzina limene abusa akupatsa ali pa guwa munthu sukana.)

Lamulungu lina, sino, chipale chofewa cha kuno, ili mbuu panja, a Chisale anandikokera pambali n'kunena kuti ndikafike kunyumba kwawo, kuli wodwala. Wodwalayo ndinam'peza ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, atafunda bulangete. Atavundukula, linali jukibokosi: chibokosi chofika pachifuwa, chagalasi kutsogolo, mkati mbale za nyimbo zitandanda ngati mabuku. Ukaponyamo ndalama n'kudina batani, chimasankha chokha mbale n'kuimba. Analigula kwa mzungu wina amene ankagulitsa katundu wa malemu bambo ake. Linali la m'ma sikisite, ndipo linali duu ngati lakwiya.

Kenako anatulutsa kambale kokulungidwa m'chitenje. Akazi awo, amake Tadala, anatisiya zaka zinayi zapitazo. Ali mtsikana ankaimba kwaya ku Zomba, ndipo mmishonale wina anajambula nyimbo zawo ziwiri n'kukazidinditsa kunja. Mbale zinabwera zochepa. Imodzi inawoloka nyanja m'sutikesi ya a Chisale, pakati pa malaya. Anandiuza kuti ali pachibwenzi ankamwa tiyi pa tiyirumu ina ku Limbe pamene panali jukibokosi, ndipo mtsikanayo ankati tsiku lina mawu ake adzatuluka m'chinthu chotere, magetsi akuthwanima. Tsopano Tadala, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali ndi chinkhoswe ku Indianapolis pakatha milungu isanu.

"Ndikufuna mayi ake adzaimbe," anatero, dzanja lili pagalasi. "Muno."

Tadala anali atayesa kale kuwauza, m'Chingerezi chake cha kuno, kuti nyimboyo angoikopera mufoni. Bambo ake anayankha kuti amayi ake si munthu woyenda m'thumba la thalauza.

Ndinalizungulira jukibokosilo kawiri, manja kumbuyo, n'kunena kuti ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Tinagwirizana madola handiredi. (Mkati mwa jukibokosi ndinali ndisanaonemo chibadwire. Koma bedi la kuchipatala nalo lili ndi mota, ndinadziuza.)

Loweruka loyamba ndinapeza fyuzi yopsa. Ndinachita zimene aliyense woleredwa bwino kwathu angachite: kuikulunga ndi kapepala konyezimira n'kuibwezera. Kwathu timatenga ka m'paketi ya ndudu, koma poti uku kunali kwa mkulu wa mpingo ndinatenga ka chingamu. Magetsi anayaka, ofiira, obiriwira, achikasu, besimenti yonse ngati mkati mwa loto. Tinaima chilili tikuyang'ana. Utsi unabwera pambuyo pake, nawonso wokongola, wabuluu, ukukwera pang'onopang'ono kudutsa m'kuwalako, mpaka alamu ya moto inalira ndipo galu wa aneba anayankha. Ndinakagula fyuzi yeniyeni, ndi waya watsopano m'malo mwa amene khoswe wa ku America anadya kalekale.

Loweruka lachiwiri inali nkhani ya dzanja. Muli kadzanja kachitsulo kamene kamatola mbale n'kuigoneka pamalo poimbira. Kankanyamuka bwinobwino, kufika pakati pa ulendo n'kuima, ngati munthu woiwala chimene walowera m'chipinda. Girisi wakale anali atauma gwa ngati phula. Ndinamukanda ndi mswachi wa amake Yankho (unali wakale, ndikulumbira, ngakhale iwo amati ayi), ndinatsuka ndi sipiriti, n'kudontheza oyilo wa makina osokera. Dzanja linayenda. Koma ukadina A1 linkabweretsa K7, ukadina B2 linkabweretsa K7 yomweyo. Masana onse tinamvera mzungu mmodzi akulirira hatchi yake. Timano tamkuwa ta kuseri kwa mabatani tinali titada bii, ndipo ndinatipukuta kamodzikamodzi mpaka hatchiyo inapuma.

Loweruka lachitatu, sipika inkang'ung'udza ngati njuchi zalowa mumgolo. Ndinagugula, ndinaonera mavidiyo a madala ena andevu, n'kuphunzira kuti timigolo tating'ono totchedwa makapasita timakalamba ndipo timafunika kusintha. Chimene sindinamve, poti vidiyoyo ndinaidumphitsa, n'chakuti timigoloto timasunga magetsi ngakhale utazula pulagi. Ndinakhudza kamodzi ndi chala.

Abale, ndinafika pa Ntcheu. Ndinaona depoti. Ndinaona mayi wogulitsa kachewere amene ndinamusiya zaka zonsezi, ali pamalo pake pomwe paja, duku lake lomwe lija. Kondakitala ankaitanira za ku Balaka. Ndinafunsa mtengo wa kabichi. Pobwerera ndinapezeka nditakhala m'basiketi ya zovala zochapa, a Chisale akundikupiza ndi buku la nyimbo. Iwo amati ndinachoka masekondi awiri. Ine ndikuti ndinadyako chipisi. Mchere unali pamlomo.

Loweruka lachinayi zonse zinali m'malo. Mbale za ku America zinkaimba ngati zangotuluka kumene m'sitolo. A Chisale anasamba m'manja, anamasula chitenje, ndipo mbale ya amake Tadala tinaiika pa A1. Anaponya kota, kandalama ka masenti 25, anadina. Dzanja linaitenga mwaulemu. Singano inatera.

Kunatuluka mwamuna. Mwamuna wa besi, wotopa, woimba ngati akuyenda m'madzi olekeza m'khosi. Liwu lililonse linkatenga nthawi yoti munthu n'kuwiritsa dzira. Kumbuyo kwake kwaya yonse inkabuula ngati ng'ombe za kutsidya.

A Chisale anakhala pansi pa sitepe. Anamvetsera mpaka kumapeto atatsinzina, kenako anati mwina atopa, ulendowu ndi wautali; ndiponso amake Tadala sanali munthu wothamanga, pa ukwati wawo womwe anafika abusa atayasamula kale katatu. Ankamwetulira, koma chitenje chija ankangochipinda, kuchipindanso, mpaka chinatsala ngati kampango.

Apa ndi pamene ndinabala nzeru imene mpaka lero ndikaikumbukira pa maloboti ndimaiwala kunyamuka. Ndinati vuto ndi magetsi. Kwathu magetsi ndi amphamvu, a kuno ndi theka lake. Mbale iyi inaleredwa ndi magetsi a kwathu, ndiye kuno ikumva njala. A Chisale anavomera ndi mutu. Aliyense wa ife anabwerapo ndi ayironi ya kumudzi n'kuiona ikungofunda ngati mphaka, ndiye mfundo yanga inamveka. Ndinakaifotokozanso kutchalitchi, kwa anamwino, kwa dokotala wa mano, ndi kwa mphunzitsi wina wa ku yunivesite amene anangoti n'zochititsa chidwi, n'kupita kukathira tiyi.

Kuwonjezera magetsi sindikanatha (amake Yankho anandikumbutsa kuti inshuwalansi yathu silipira za uchitsiru). Ndiye ndinaganiza ngati wokonza njinga wa pamsika. Mota ili ndi kamtengo kachitsulo kamene kamazunguza gudumu, gudumulo n'kuzunguza mbale. Kamtengoko kakanenepa, mbale ithamanga. Ndinadula chubu chakale cha njinga, ndinachilezula kopyapyala, n'kuyamba kukulunga. Kamodzi, mwamuna uja anatsitsimuka. Kawiri, anasanduka mayi wa chimfine. Kachitatu...

Pano sindinama, ngakhale kwinaku sindinanamenso. Mawu anatuluka oyera ngati madzi otsika phiri la Zomba m'mawa, mtsikana wa zaka makumi awiri akukwera pamwamba pa kwaya yonse ngati palibe chomulemera. Magetsi ankasinthasintha pankhope ya a Chisale, ofiira, kenako obiriwira. Sanalire. Anangovula chipewa, m'nyumba mwawo momwe.

Limenelo linali Lachisanu, chinkhoswe mawa lake, lole yobwereka ili kale pakhomo. Kuyesanso mbale zina? Zinkaimba bwino sabata yatha yomweyi. Ndinatseka chitseko chake.

Kulikweza masitepe kunafuna amuna asanu ndi mmodzi ndi pemphero. Kenako maola awiri ndi theka tikudutsa minda ya chimanga yopanda chimanga, yosalala mpaka kumathero a dziko, a Chisale atafungatira mbale pachifuwa, ine ndikulota nditatsegula shopu yolembedwa dzina langa ndi magetsi.

Holo inali chakufupi ndi Lafayette Road, pakati pa sitolo ya zakudya za ku Africa ndi malo ometera. Ankhoswe atasinthana nkhuku zawo (zowotcha, za kusupamaketi, kuno tambala wamoyo umupeza kuti), a Chisale anaimirira n'kunena kuti pali mlendo amene akufuna kulankhula ndi mwana wake. Anaponya kota. Mawu a amake Tadala anadzaza holo. Tadala, amene Chichewa amachimva koma sachiyankha, anagwira pakamwa n'kutulutsa liwu limodzi, la kwathu: "Amayi." Azimayi analira mwadongosolo, mzere ndi mzere. Ena anatembenuka kuyang'ana ine, ndipo ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, mmene ndinayeserera pagalasi.

Ndikanakwera lole nthawi imeneyo n'kubwerera, bwenzi lero ndili munthu.

Koma wotsogolera mwambo, atatengeka, analengeza kuti perekaniperekani tivinira jukibokosi lomweli. Lichero linaikidwa pakati. Akuchikazi anandanda, madola m'manja. Wina anadina B4.

Munawamvapo anapiye akulimbirana madeya? Onjezanipo ng'oma. Nyimbo inanyamuka ngati yaba kanthu. Ndipo Mmalawi sasiya kuvina chifukwa choti nyimbo yapenga. Amaganiza kuti wochedwa ndi iyeyo. Azimayi a maduku anathamangitsa ziuno kuti aipeze. Abusa ankaoneka ngati akuzimitsa moto wolusa ndi mapazi. Bambo wina amene anamuika bondo lachitsulo chaka chatha anataya ndodo, ndipo mpaka lero sanaifunsenso. Dola ina inaponyedwa m'mwamba nyimbo ikuyamba, ndipo pamene inkatera m'lichero nyimbo inali itatha. Ndinaiona ndi maso angawa. Akuchimuna anadandaula kuti sanapatsidwe mpata wokwanira wopereka, koma ena a iwo ankadandaula akumwetulira.

Wotsogolera anagogoda maikolofoni. "A Injiniya, kodi makinawa mwawatenga ku Speedway, ku mpikisano wa magalimoto?"

Ndiye kunabwera Anambewe, azakhali ake a mwamuna wa Tadala, namwino wopuma ntchito, ali wefuwefu, n'kupempha kuona mbale ija. Ali mtsikana anagwirapo ntchito m'sitolo yogulitsa mbale ku Blantyre. Anaiyang'ana nthawi yosakwana kuphethira.

"Achimwene, bowo ili mwaliona?"

Ndinati ndaliona, ndi bowo.

Anafotokoza, maikolofoni ili pafupi ndithu, kuti timbale ta ku America tili ndi bowo lalikulu, ta kwathu laling'ono. Majukibokosi a zaka zimenezo akakhudza bowo laling'ono amayesa ndi mbale ya mtundu wina, woyenda pang'onopang'ono, ndiye amachepetsa okha liwiro. Makinawo sanadwale, ankagwira ntchito yawo. Pakati pa mbale ya kwathu pali kachidutswa kongogwira ndi timiyendo, ukakakankha ndi chala chachikulu kamachoka, bowo n'kukula. Ntchito ya mphindi imodzi. Kenako anafunsa kuti za njala ya magetsi zimene amva m'holomo wanena ndani. Mphunzitsi wa ku yunivesite uja anandiloza ndi foloko.

Ndinati basi, tichotse mphirayo, tikankhe kachidutswako, zithe. A Chisale anatenga mbale yawo m'manja mwa Anambewe n'kuikulunga m'chitenje.

"Amake Tadala palibe awaboole. Mphirayo isiyeni."

Jukibokosi linabwerera ku South Bend ndi mphira yake, ndipo kuyambira pamenepo limaimba mbale imodzi yokha. Ine dzina linasintha, ndine a Speedway, ndipo ana obadwira kuno amayesa ndi dzina la makolo. Phunziro ndinalitola: usanamasule mota, yamba wayang'ana bowo, ndipo ufunse amayi achikulire. Ndinalitola ndithu. (Limba la kutchalitchi layamba kutsokomola, ndipo ndavomera kale kukaliona.)

Za madola anga sindinafunse. Ndikanayambira pati? Patatha miyezi khumi, masana ena a Chisale anagogoda pakhomo atanyamula chitini cha mkaka waufa ndi manja awiri. Anachitula patebulo, tebulo n'kudandaula. Munali makota okhaokha. Anati m'mawa uliwonse amatsikira ku besimenti ndi kapu ya tiyi n'kuponya imodzi, masiku ena ziwiri. Ndinawauza kuti pali kawaya kamene ndingalumikize kuti liziimba ulere, asamavutike.

"Inu musakhudzenso kanthu," anatero. "Komanso kwathu ku Dowa sitilowola. Mayi aja ndinakhala nawo ulere zaka makumi anayi. Ndisiyeni ndilipire."