Zikhadabo zoyera za makaniko

Lolemba

Basi, ndatopa! Zaka zonsezi ndili chagada pansi pa magalimoto m'galaja ya a Nyirenda, lero akundiikira kapitawo mwana wa mlongo wawo. Ine injini sanandiphunzitse munthu, ndinachita kumasula ndekha mpaka kuidziwa. Ndizilamulidwa ndi kamwana?

Kukampani ya matabwa akufuna makaniko wa malole. Lachisanu m'mawa ndiye poonana ndi bwana wake.

Asamve anthu awiri. A Nyirenda, poti nyumba tikukhalayi kuno ku Zolozolo ndi yawo, akapsa mtima tigona panja. Wina NyaManda, mkazi wanga. Mawu akalowa m'khutu mwake amakatulukira kwa mayi Nyirenda kumapemphero a azimayi.

Ine wosabisa mawu, lero kubisa! Ndi sabata imodzi yokha. Ndipirira.

Lachiwiri

Zofunika:
kumeta, tsitsi lafika pakolala, anyamata a chipani angandigwire panjira
kadi ya chipani ya chaka chino, popanda iyo pageti salowetsa
shati yoyera, ndagula, ndabisa kudenga
zikhadabo

Zikhadabo ndiye nkhondo. Girisi analowa kalekale, anamanga mudzi. Parafini, phulusa, mchenga, osatheka. Mapeto ake ndikugula sopo wonunkhira uja wa m'kapepala.

NyaManda ayang'ana sopo, ayang'ana ine. "Mwayamba kununkhira chomene, adada."

"Kusamba ndi mlandu?" Ndikuyankha mokuwa mpaka nkhuku kubalalika. Pakamwa pangapa!

Lachitatu

Masana ndikuuza a Nyirenda kuti ndikukagula lamba wa injini. Bodza likundikanda pakhosi ngati therere losapsa. Ndikuthamangira kuofesi ya matabwa kukalembetsa dzina. Bwana kulibe, ndikupeza mayi wotaipa yekha. Akulemba dzina, akutseka ofesi kuti akadye, mvula n'kuyamba. Mzuzu ndi mvula yake!

Ambulera ndili nayo ndine. Mayiyu ndiye mwini chitseko cha bwana, ndingamusiye anyowe? Tikuyenda awiri pansi pa ambulera imodzi, ine wometa, wonunkhira.

Pakhonde la sitolo pali mayi Nyirenda. "Yewo, a makaniko! Yewo chomene!" Maso ali pa mayi wotaipa, kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Ndikufika kugalaja lamba ndilibe. Ndaiwala.

Lachinayi

Kugalaja zii. A Nyirenda sakundikalipira ngakhale kamodzi, akungondiyang'ana n'kumapukusa mutu. Adziwa za matabwa?

Kunyumba moto wozima. NyaManda wakhala pampando, shati yanga yoyera ili pamiyendo.

"Ya ukwati uti iyi?"

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kufotokoza. Ine ndikuti, "Ndi zanga, sizikukukhudza!"

Wanyamula mwana, shati ndi sopo, wapita kwa mkulu wake ku Lupaso. Tsono ndikumvetsa. Tauni yonse ikuti ndili ndi chibwenzi. Ine! Ndi nthawi iti, ndi nkhope iti?

Lachisanu

Tsiku lija. Shati ndilibe. Ndikuti ndipita ndi ovolosi yomweyi, malole sayang'ana kolala.

Ndisanatuluke pabwalo, galimoto ya a Nyirenda yaima pakhomo. Avala jekete. "Kwera, mwana wanga. Lero sindine bwana wako, ndine nkhoswe yako."

Kalanga ine! Pokwatira ndinalibe mbale kuno, kwathu ku Zomba n'kutali, amene anandiimira unkhoswe ndi iwowa. NyaManda wakasuma kwa iwo.

Njira ya ku Lupaso akudzera dala m'tauni kukathira petulo. Pageti pa kampani ya matabwa amuna ali pamzere, mashati oyera mbee. Ndikuwaona pawindo ngati ng'ombe yopita kokaphedwa.

Ku Lupaso atsibweni a NyaManda sanafike kuchokera ku Nkhata Bay, basi yafera panjira. Tikudikira pabenchi mpaka dzuwa kulowa. Mlandu mawa.

Loweruka

Patebulo aika shati ndi sopo. Atsibweni akununkhiza sopo, akupatsira mnzawo, nayenso akununkhiza. Akuti ndionetse manja, zikhadabo zayera ndi sopo uja. "Makaniko wa zikhadabo zotere munamuonapo?" Onse akuti ayi.

A Nyirenda akundikokera kuseri kwa nyumba, akunong'ona. "Ingovomera, mwana wanga. Tonse tinapitamo. Upepese, mbuzi ndigula ndine, Lolemba tili pantchito."

Njira yabwinobwino. Kuvomera tchimo losachita, nyumba n'kutsala, ntchito n'kutsala. Ndikubwerera pabenchi nditatsimikiza kuvomera. Ndiye atsibweni akuti, "Anthu a kumwera ndi momwemo, pakamwa pena, mtima pena."

Mutu waphulika. "Chibwenzi ndilibe ine! Mayi uja ndi wa kuofesi ya matabwa! Ndimafuna ntchito, ndatopa ndi galaja yonunkha ija ndi kapitawo wake wa mamina!"

NyaManda wagwira pakamwa, akuseka, misozi ili mbwee. A Nyirenda akuimirira pang'onopang'ono, akutola chipewa.

"Chigololo ndikanakhululuka," akutero.

Tikubwerera ku Zolozolo wapansi, m'matope, mwana ali paphewa panga.

Lamulungu

Ntchito ya matabwa anatenga munthu wa ku Nkhorongo, Lachisanu lomwelo.

Kutchalitchi a Nyirenda apatsa moni benchi yonse, pa ine dzanja ladumpha. Uthenga wadzera kwa akazi awo, kwa NyaManda, kenako kwa ine. Mawa ndipite, koma injini ndisakhudze. Ndizikamata matayala panja, pamvula. Za nyumba akuti akuganizabe. Ndipita. Nanga ndilowera kuti?

NyaManda yekha ndiye wasangalala. Pano ali pampanda, akuuza mayi wa nyumba yoyandikana mokweza, monyadira: "Awuzeni onse, mwamuna wanga si wachimasomaso. Ndi chitsiru chabe."

Ndikufuna kutuluka ndikakalipe. Koma bodza lili pati?