A Everson ndi Mafoni Opanda Chingwe

A Everson sankavomera kuti makina amafa. Mukawatengera wailesi yoti inasiya kulankhula chaka chatha, mphemvu zitaswerana momwemo, n'kunena kuti, "Bambo, wailesi yanga yafa," iwo ankakuyang'anani ngati mwatukwana m'tchalitchi.

"Yafa? Maliro ake munaika kuti? Sinafe iyi, yakwiya. Munaimenya?"

"Ndinangoigogoda pang'ono."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chipande."

"Basi. Inuyo atakugogodani ndi chipande mungaimbe?"

Akatero ankavula chipewa, n'kuipatsa moni wailesiyo, kuifunsa ngati kunyumba onse ali bwino, ndipo pokhapo ndi pamene ankaitsegula kumbuyo. Chigwa chonse cha Domasi, kuyambira ku Mission mpaka ku Songani, chinkawaseka. Koma wotchi ikaima kapena mashini yosokera ikayamba kudula ulusi, oseka omwewo ankapezeka pakhonde pawo atanyamula katunduyo ngati khanda.

Anagwira ntchito ya mafoni zaka makumi atatu, kukwera mapolo ndi kukoka mawaya. Atapuma anabwerera kumudzi ndi njinga, chikwama cha zida, ndi tayi yofiirira imene ankavala ngakhale popita kukapalira mpunga.

Chaka china chigayo cha Che Maulidi ku Songani chinaima pakati pa mwezi wokolola, amayi ali ndanda ndi madengu mpaka kumsewu. A Everson anafika, nati, "Odi agogo," n'kutsamiritsa khutu pachitsulo kwa nthawi yaitali ngati akumvetsera miseche.

"Che Maulidi, agogowa wina wawadyetsa supuni."

Atamasula, inalidi supuni, yopindika ngati mbedza. Mayi wina amene anali kutsogolo anasenza dengu lake mwakachetechete n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Ine ndine Dina. Nthawi imeneyo ndinali mlembi pa kachipatala kena kakang'ono m'chigwamo, ndipo nkhani imene ndimawakumbukira nayo kwambiri a Everson ndi ya mu 1998. Midzi ya kutsidya kwa mtsinje, m'munsi mwa phiri, inkatipweteka mutu. Mayi akadwala pobereka, ankamunyamula pa machira ulendo wa maola awiri, ndipo ena ankafika zinthu zitavuta kale. Bungwe lina lothandiza linatitumizira kompyuta, mafoni anayi opanda chingwe, mlongoti, ndi kabokosi koyera kokhala ndi nyanga. Kabokosiko kankalumikizidwa ku waya wa foni ya pachipatala, ndipo mafoni anayiwo ankayenera kukakhala kumidzi. Asisitala athu, a Doris, anakatcha mayi wa mafoni. Vuto linali loti mayiyo sankawadziwa ana ake mpaka atauzidwa manambala awo kudzera pa kompyuta.

Katswiri wa ku Blantyre amene anabweretsa katunduyo anangomuyala patebulo, nati abwera Lolemba. Lolembalo linamupezera ku Joni, atapeza ntchito ina. Miyezi itatu zinthuzo zinakhala zitafundidwa chitenje. Kenako inabwera kalata: a bungwe atumiza Mayi Lisa Lachisanu, ndipo akapeza mafoni sakugwira ntchito, atenga zonse akapereke kuchipatala china.

Ine ndinkadziwa taipi basi. Ndinalimba mtima, n'kulumikiza chingwe cha kabokosi kumbuyo kwa kompyuta, n'kuyatsa. Panatuluka mawu a Chingerezi.

"Asisitala, ikuti yaona chinthu chachilendo, koma ikufuna dalaivala."

"Dalaivala? Galimoto tilibe, tikhale ndi dalaivala?"

"Yalemba choncho."

A Doris sanali munthu wozengereza. Anatumiza uthenga ku Songani, ndipo masana anatulukira Che Hassani, oyendetsa minibasi, laisensi ili m'thumba la shati. Anakhala pampando, anayang'ana kompyuta kutsogolo, anaisuzumira pansi, anapondaponda ndi phazi pamene pamayenera kukhala buleki.

"Asisitala, ine Zomba–Liwonde ndimayenda kanayi pa tsiku, mbuzi sindinagundepo. Koma ichi chilibe matayala. Itanani a Everson."

A Everson anafika Lachiwiri m'mawa. Kompyuta anali asanaigwirepo chibadwire, ndipo sanabise. Anavula chipewa pakhomo.

"Sitikudziwana, achimwene," anaiuza kompyutayo. "Ine ndine Everson. Ndamva kuti muli ndi madandaulo."

Anapempha buku la malangizo, n'kuimirira, n'kuyamba kuwerenga mokweza ndi mawu a mlaliki. Odwala amene ankadikira panja anasonkhana pawindo. Agogo ena anayankha "Ameni" kawiri. Patapita mphindi makumi awiri ndinazindikira kuti palibe liwu ndi limodzi lomwe ndamva. Ndinasuzumira m'bukumo.

"Bambo, apo ndi pa Chijeremani. Chingerezi chili kumbuyoku."

"Ohoo! Ndiye ine ndimadandaula kuti Chingerezi chasintha chipumireni ine ntchito."

Atawerenga pa Chingerezipo anakhala pansi, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi.

"Mwavutitsa Che Hassani pachabe. Dalaivala wake si munthu. Onani, achimwenewa amalankhula Chingerezi chokha, mayi wa mafoniyu amalankhula Chiyao chokha. Akufuna womasulira pakati pawo, ndipo womasulirayo anabwera nawo. Buku likuti ali m'madisiketi awiri, tinthu tapulasitiki tafulati ngati bisiketi. Tili kuti?"

Kamodzi tinakapeza pansi pa katoni. Kachiwiri tinafufuza ofesi yonse osakaona, mpaka a Everson anaima n'kuloza pa shelefu ya asisitala. Kanali pamwamba pa kapu ya tiyi.

"Ntchentche zimagweramo," anatero a Doris osachita manyazi. "Kamakwana bwino."

A Everson anakatenga ndi manja awiri, kukapukuta ndi mpango, kukapepesa m'malo mwa chipatala chonse, n'kukakaika pamthunzi kuti kaume. Tsiku limenelo linathera pomwepo.

Lachitatu tinagawana ntchito. Iwo ankawerenga, ine ndinkadina. Disiketi yoyamba inalowa, kompyuta inalira ngati njiwa, kamzere kabuluu kanayamba kukwawa. Yachiwiri, ya tiyi ija, tonse tinaunjikana pakompyuta. Inalowa bwinobwino. Kamzere kanafika pafupi penipeni ndi kumapeto, kutsala ngati chikhadabo, magetsi n'kuzima.

A Doris anagwira kumutu. A Everson anangopinda miyendo.

"Musatukwane, asisitala. Amamva."

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka, ndipo tinayambiranso pachiyambi. Ulendo uno zinatha. Kompyuta inapempha kuti tiizimitse n'kuiyatsanso.

"Mwaona ulemu wake? Akupempha kuti agone pang'ono. Gonani, achimwene."

Itadzuka, zinthu zinaipa kuposa kale. Kabokosi kaja sinkakaona, ndipo kamuvi ka pagalasi kanauma gwaa. Ndinagwedeza mbewa, kanthu kaja ka mchira kamene kamayendetsa kamuviko, koma kamuvi sikanasunthe. Lachinayi m'mawa tinachotsa dalaivala uja n'kumuikanso katatu. Chimodzimodzi.

Ndinali ndisanawaonepo a Everson atagwa mphwayi. Anatuluka n'kukakhala patsinde pa mtengo wa mango, tayi atamasula. Ndinawatengera mbatata, sanaigwire.

"Bambo," ndinatero, "mwina chafa basi."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa.

"Dina, mwana wanga, ine ndine wa mawaya. Waya umaugwira, umaununkhiza. Izi za m'galasizi zandipeza nditakalamba." Anayang'ana kumtsinje. "Mkazi wa mphwanga anafera pa machira, pamlatho paja. Ndinanyamula nawo."

Ndinakhala nawo pansi pomwepo. Patsogolo pathu amayi awiri, aliyense ndi mwana kumbuyo, ankalimbirana kulowa pakhomo la sikelo, onse atatsekerezana, wina osalola mnzake. A Everson anawayang'ana, anawayang'ana, kenako anadumpha ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Kale tinkaika maesiteti awiri pa waya umodzi! Onse akanyamula foni nthawi imodzi, palibe ankamveka. Mbewa ija ndi mayi wa mafoni akulimbirana khomo limodzi!"

Anathamangira mkati n'kuizula mbewayo.

"Pepani amai, dikirani panja kaye."

Popanda mbewa ndinkayenda ndi mabatani okha, iwo akuwerenga buku chala chili pamzere. Tinafika pamene panalembedwa nambala ya khomo la kabokosi. Inali wani, yofanana ndi ya mbewa. Tinaisintha kukhala thuu. Kompyuta inagonanso, inadzuka, ndipo pamphumi pa kabokosi panayaka kanyali kobiriwira. Tinabwezera mbewa, kamuvi kanavina. Ndinalemba manambala a mafoni anayi aja, ndipo iliyonse inalira kamodzi, tswii, motsatizana. A Doris, amene sindinawamvepo akuimba, anaimba nthungululu mpaka odwala anathawa pabenchi. Madzulo ake amuna a pafupi anadzutsa mtengo wautali wa bulugamu, mlongoti uli pansonga.

Chinatsala ndi kuona ngati mawu angaoloke mtsinje. Lachisanu m'mamawa a Everson anamanga mafoni pa njinga, nalonjeza kuti pofika teni koloko aimba ali kutsidya.

Mayi Lisa anafika teni koloko yeniyeni ndi galimoto ya bungwe. Anali mayi wa mawu ochepa ndi fayelo yaikulu. Anaona kanyali kobiriwira, nati, "Chabwino. Ndimve ikulira."

Foni inali duu. A Doris anawapatsa tiyi. Anawaonetsa chipinda cha mankhwala, dimba la masamba, thanki ya madzi, mpaka dzenje la zinyalala, akufotokoza mbiri yake. Leveni koloko inakwana. Ine maso anali pa foni.

"Asisitala, ndikumvetsa mwayesetsa," anatero Mayi Lisa. "Koma kuli chipatala china chikudikira." Anakodola woyendetsa galimoto wawo kuti abweretse makatoni.

Bamboyo atangogwira chingwe kuti azule, foni inalira. Ndinainyamula ndikuseka kale, ndikudikira moni wa mphindi zisanu.

Kunalibe moni.

"Dina, ndi Everson. Tumizani galimoto msanga, mudzi wachitatu. Mayi Happiness wabereka m'mawa, magazi sakuleka. Azamba alephera. Wayamba kuzizira manja."

A Doris anali atanyamula kale chikwama chawo. Mayi Lisa anangoponya fayelo pampando, nati kwa woyendetsa, "Siyani zimenezo, tiyeni." Foni inaliranso kawiri, a Everson akulongosola njira yodutsa pamlatho wa kumtunda, ine ndikufuulira pawindo galimoto ikutembenuka. Pasanathe ola anali atabwerera, a Doris atakweza botolo la diripi m'mwamba, mayiyo ali mbuu ngati phulusa koma akupuma. Anapitirira naye ku Zomba. Cha m'ma folo koloko foni ya pachipatala inalira: wapulumuka, mwana akuyamwa.

Ndinakhala pansi pasimenti. Mayi Lisa atabwerako anatenga makatoni opanda kanthu aja n'kundipatsa.

"Muzisungiramo mafayelo," anatero, n'kusaina pepala lawo.

A Everson anafika dzuwa likulowa, buluku litang'ambika pabondo. Amene anawaperekeza ndi amene anatiuza chimene chinawachedwetsa. Mudziwo uli m'chigwembe, ndipo foni sinkagwira. Anakwera pachulu, sinagwire. Ndiye munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu, tayi ili m'khosi, anakwera mtengo wa mango mpaka kunsonga, n'kuimbira kumeneko. Kutsika ndiye kunawakanika. Galimoto inafika, inanyamula wodwala, inapita, iwo ali m'mwamba. Anthu anakawakumbukira masana, n'kukabwereka makwerero kwa akatekisiti.

"Ndimayesa mphamvu ya mlongoti," anatero a Everson. "Ntchito imafuna kudekha."

Kumudziko anamanga kansanja ka mitengo pachulu paja kuti woimba asamakwere mango.

Kuyambira pamenepo ankabwera Lachitatu lililonse cha m'ma teni, amati kudzayendera makina. Makinawo analibe vuto. Ankangokhala pabenchi ya odwala, kumwa makapu atatu a tiyi wa shuga masupuni anayi, n'kumakangana ndi a Doris za nyimbo za m'kwaya, nkhani imene onse awiri sankaidziwa.

Anamwalira mu Novembala 1999, masana, atakhala pampando pakhonde pawo. Akazi awo, a Chisoni, ankayesa akuwodzera. Pamaliro panali anthu a ku Mission, a kumzikiti wa ku Songani, ndi amayi a kutsidya amene anayenda wapansi ndi nkhuni pamutu. Mayi Happiness anafika ndi mwana woyamba kuyenda, amene anatha mwambo wonse akukoka mikanjo ya a kwaya.

Patapita sabata a Chisoni anaitana anthu kuti adzatenge katundu wawo. M'chipinda munali mawotchi, matochi, nyale, mapampu a njinga. Chilichonse chinali chokonzedwa, chitamangiriridwa kapepala ka dzina la mwini wake. Anthu ankalowa akucheza, n'kutuluka ali chete, atakumbatira zinthu zimene ena anali ataiwala kuti anazisiya kumeneko.

Mafoni aja anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo machira anasanduka mitengo yoyanikapo zovala. Koma Lachitatu linatalika pachipatala paja. Kwa miyezi ingapo, ikamakwana teni, a Doris ankadzazabe ketulo mpaka kukamwa. Tinkamwa makapu athu awiri, kenako iwo ankatuluka n'kukathira madzi otsalawo pamaluwa.