Mpango wanga unakodwa m'mawaya pamaso pa apongozi

Anzanga, mukandiona ndikuyenda ndi mswachi m'chikwama ngati chiphaso, musandiseke. Ndinaona zakuda ku Msakambewa.

Mano angawa anamera mopanikizana, ndiye dokotala wa mano ku Lilongwe anandiika mawaya aja owongolera mano. Anandilangiza bwinobwino bambo uja: ukadya chilichonse tsuka, zolimba usalume, ndipo anandipatsa kamswachi kakang'ono kopisa pakati pa mawaya. Ine n'kumvera ndithu, mpaka tsiku limene Yamikani, bwenzi langa, ananditenga kukandionetsa kwa makolo ake ku Msakambewako. Tsiku limenelo ndinasintha chikwama kuti chigwirizane ndi chitenje, mswachi n'kutsala m'chikwama chakale.

Mantha ndinali nawo kale. Mphekesera zinali zitandipeza zoti amalume ake a Yamikani safuna mkazi wa m'tauni, amati ndi opanda mwambo. Amalumewo akakana, ukwati palibe.

Tinafika nthawi ya dowe. Amayi ake a Yamikani anandiyalira mphasa, n'kunditengera chimanga chootcha chotentha, chosankhidwa ndi manja awo. Inu mukanakana? Chakudya choyamba cha apongozi? Ndinaluma. Kukoma kwake, abale inu, sindinaonepo! Ndinaiwala dokotala, ndinaiwala mawaya, ndinamaliza chisononkho chonse n'kulandiranso chachiwiri.

Nditazemba kuseri kwa chigafa choumitsiramo fodya n'kudziyang'ana pafoni, ndinachita kakasi. Waya aliyense anali atanyamula gaga wake. M'kamwa monse mbuu, ngati lichero lopetera. Ndinapisa m'chikwama, mswachi mulibe.

Nzeru zinabwera, zija zobwera pa nthawi yolakwika. Ndinathyola kanthambi ka gwafa, n'kukatafuna kunsonga monga tinkachitira tili ana, n'kuyamba kutsuka. Gaga sanachoke, koma ulusi wa kamtengo unalowerera m'mawaya. Ndikati ndikoke, mutu wonse ukutsatira. Ndinathyola kamtengoko, chidutswa n'kutsala chili tuu pamlomo.

Nthawi yomweyo ndinamva Yamikani akuitana: "Tadala, amalume afika, bwera udzapereke moni!"

Mayo ine! Ndinavula mpango kumutu, n'kutseka nawo pakamwa, n'kupita kukagwada chapatali. Nditati nditsegule pakamwa kuti ndiyankhe moni, kawaya kakumapeto kanakola ulusi wa mpango. Tsopano kamtengo, gaga, mpango ndi ine tinali chinthu chimodzi.

"Muli bwanji, mayi?" anafunsa amalume, bambo wamtali wa maso osaphethira.

Ndinangowerama n'kuomba m'manja pansi pa mpango, mawu akutuluka ngati a mwana wa mbuzi. Anafunsa za kwathu, ine kugwedeza mutu. Anafunsa za mpingo, ine kuwerama kwambiri. Misozi inayamba kutsika chifukwa waya anali akundibaya tsaya. Mumtima ndinati basi, ukwati wathera pompano.

Amalume anatembenukira kwa Yamikani.

"Mphwanga, mwana uyu wamutenga kuti? Taonani, ngakhale dzino sakutionetsa! Manyazi otere ndinawaona komaliza kwa malemu amayi anga."

Apongozi anga okha ndiwo sanapusitsike. Anandiyang'ana kamodzi, n'kunena modekha, "Achimwene, mwanayu watopa ndi ulendo, ndikamuonetse pogona." Anandigwira dzanja mpaka kuchigafa, n'kundikhazika pa mtondo. Atasuzumira pansi pa mpango sanaseke, sanafunse. Anatenga singano imene amasokera fodya, n'kuiviika m'madzi otentha, n'kuyamba kumasula ulusi umodziumodzi. Ndinkangowayang'ana, kukamwa kuli yasaa, mtima uli m'malere. Zala zokhakhala chonchija, koma kupepuka kwake! Singano yonseyo sinandikhudze nkhama ngakhale kamodzi. Mpaka lero ndikawaona mayi amenewa ndimachita nawo mantha aulemu.

Atamaliza anandipatsa madzi amchere kuti ndichukuche, n'kunong'ona: "Izi n'za ife awiri. Koma mpangowo bwezerani pakamwa, mwanawe, amalume anu asadabwe."

Ukwati unavomerezedwa madzulo omwewo. Vuto ndi lakuti mbiri yanga inawanda mudzi wonse. Atsikana a kumeneko akuti amakalipiridwa kuti, "Mukuseka gwaa ngati simunamuone mkazi wa Yamikani!" Ndipo ine, wolongolola ine, amene mumandidziwa kuti sinditseka pakamwa ngakhale m'tchalitchi, ndikangotsika minibasi kumeneko ndiyenera kukhala wamanyazi mpaka tsiku lobwerera.

Mawaya anachotsedwa chaka chatha, mano anawongoka bwinobwino, okongola ngati a pa chithunzi. Ndinavutika nawo zaka zonsezo kuti anthu adzawaone, koma kwa apongozi sindingawaonetse. Dowe wa eni ndilibe mswachi, ine? Ndalapa!